Phingo wasowa, nimu akung'ambika: tiseme ndi chiyani?

Funso: Ndine mlembi wa gulu la osema ziboliboli ku Senga Bay, tilipo anthu 14. Phingo ndi mlombwa zikusowa, ndipo amene amatibweretsera akukweza mtengo mwezi ndi mwezi. Mzungu wina wa sitolo ku Ulaya akufuna ziboliboli 200 za masentimita 20, koma akuti timuuze komwe mtengo wachokera komanso momwe timalipirana. Tinayesapo nimu ndi mango koma zambiri zinang'ambika, zina zinafumbwa. Titani?

Yankho: Zikomo bambo mlembi. Ndiyambe ndi phingoyo, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wa aliyense pagulupo ukadali komweko. Phingo, amene a sayansi amati Dalbergia melanoxylon, amafuna zaka 70 mpaka 100 kuti akhale ndi mtima wakuda wokwanira kusema. Amene mukusema leroyu anamera agogo anu ali ana. M'minda ya anthu kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota phingo wamkulu anatha kale, choncho chipika chachikulu chikabwera usiku pa njinga chitakutidwa ndi thumba, mwachidziwikire chachokera m'nkhalango yotetezedwa, kaya ku Thuma, kaya kumapiri a pakati pa Dedza ndi Salima, kaya m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota imene a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015. Wogulitsa adzakuuzani kuti mtengowo anaupeza wouma kale. Yang'anani kumunsi kwake. Mukaona khungwa linachekeredwa mozungulira kapena tsinde linapserera ndi moto, dziwani kuti unaumitsidwa dala. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndi kukhwimitsa zilango, limagwira wodula, wonyamula ndi wosunga yemwe.

Palinso nkhani ya kumalire. Kuyambira Januwale 2017 mitengo ya mtundu wa Dalbergia ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera pakati pa maiko. Mu 2019 anapeputsako kuti zinthu zosemedwa kale zosapitirira makilogalamu 10 pa katundu mmodzi zidutse popanda chilolezo cha CITES, n'chifukwa chake mlendo wogula kanjovu kamodzi savutika. Koma phingo ndi wolemera, amamira m'madzi. Chiboliboli cha masentimita 20 chimaposa theka la kilogalamu, ndiye 200 zikupitirira makilogalamu 100. Pamenepo pafunika chilolezo chochokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako nyama, ndipo iwo adzafuna umboni woti mtengowo unadulidwa mwalamulo, umene inu mulibe. Mukula analowa pa mndandandawo mu 2019, ndipo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinatsatira pa msonkhano wa ku Panama mu 2022. Zoletsa za mitengo imeneyi zimakhudza kwambiri zipika ndi matabwa, koma wogula wa ku Ulaya akangomva maina amenewa amayamba kale kukayika.

Maganizo anga ndi akuti oda imeneyi muipange ndi mitengo yobzalidwa m'minda, ndipo nimu akhale patsogolo. Si njira yachilendo. Osema a ku Kenya, makamaka a ku Mombasa ndi ku Wamunyu, atamaliza mitengo yawo ya muhugu ndi mpingo (phingo yemweyu) anasamukira ku nimu, mango ndi jakaranda, ndipo malonda sanafe. Kuno nimu ali paliponse, m'misewu ya pa boma, m'masukulu, m'mabwalo a nyumba. Amapirira chilala, ndipo pa zaka 15 mpaka 20 amakhala ndi thunthu losemeka. Mtima wake ndi wofiirira ngati wa mbawa, tizilombo sitiukonda, ndipo ukadula amaphukiranso pachitsa. Vuto lake ndi lakuti ulusi wa mtengowo umapingasana, ndiye tchizulo chobuntha chimazula m'malo modula. Nolani pafupipafupi.

Keshya wa milimo ndiye amayandikira ku mtundu wakuda. Mtima wake ndi woderako wa mizeremizere, wolimba bwino, ngakhale kuti mumtengo waung'ono mtimawo umakhala wochepa. Malaina ndi woyera, wopepuka, amauma pang'onopang'ono kwambiri koma akauma sasunthanso, ndipo ndi wabwino pa zinthu zimene mudzapaka utoto. Mango ali ndi maonekedwe okongola koma ndi wovuta kusamala, amachita chuku msanga ndipo amafumbwa. Msangu musaukhudze, ntchito yake ndi yobwezera chonde m'munda wa chimanga.

Tsopano ku nkhani ya kung'ambika, imene ndikuona kuti ndiyo yakubwezani m'mbuyo. Phingo anakuzolowezani zoipa: amakhala ndi mafuta, sasuntha kwambiri, ndipo nthawi zambiri amafika kwa inu atagona kutchire miyezi yambiri. Nimu ndi mango mumazigula zaziwisi, madzi ali tho. Mtengo ukamauma umafota, koma sufota mofanana. Mozungulira thunthu umafota pafupifupi kawiri kuposa momwe umafotera kuchokera pakati kupita kukhungwa, ndipo m'litali sufota kwenikweni. Ndiye mukasema chiboliboli pa chipika chathunthu chozungulira, kamtima kapakati penipeni kali momwemo, kunja kumakoka mkati mukukana, ndipo mng'alu umatseguka kuchokera pakati kutulukira kunja. Palibe polishi kapena guluu amene angaletse zimenezi. Mankhwala ake ndi kuchotsa kamtimako.

Chitani chonchi. Chipika chikagwa, chichotseni pa dothi tsiku lomwelo. Chidulani m'zidutswa za masentimita 25, kuti pakhale masentimita awiri kapena atatu otaya mbali iliyonse. Chidutswa chilichonse chiwazeni pakati, kenako pakatinso, zituluke zinayi, ndipo pa ngodya ya mkati sadzulanipo sentimita imodzi kapena iwiri kuchotsa kamtima kaja. Pa thunthu lonenepa masentimita 30, chigawo chilichonse chikupatsani kachipika ka masentimita 8 mbali zonse. Kumapeto konse kuwiri pakani phula losungunula, guluu wa matabwa kapena penti wa mafuta wokhuthala, pasanathe maola ochepa chidulireni. Madzi amathawira kumapeto mwachangu kwambiri kuposa m'mbali, ndipo ming'alu yoyamba imayambira komweko, nthawi zina usiku umodzi wokha.

Musadikire kuti kachipikako kaume konse musanakakhudze. Kasemeni mongogoba kakadali kakawisi, pamene kasemasema akulowa mosavuta, kuchotsa nyama yambiri koma kusiya pafupifupi theka la sentimita paliponse. Miyendo, makutu ndi chitamba zisiyeni zonenepa. Mvuu kapena chinthu china chamimba yaikulu chibooleni kumunsi ndi bowo la masentimita awiri kapena atatu lofika pakati, kuti mkati ndi kunja ziumire pamodzi. Mukatero ikani pa thandala m'chisakasa, masentimita 30 kuchokera pansi, zisagundane, mphepo izidutsa koma dzuwa lisazione.

Nyengo ya kunyanja kuno muidziwe bwino. Kudula kwabwino ndi Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, mwera ukuwomba, kunja kusanatenthe. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala mpweya umauma kwambiri moti chiboliboli chachiwisi chingang'ambike masiku awiri. M'nyengo imeneyo sabata ziwiri zoyamba zikwirireni mu utuchi wake womwe kapena m'katoni, kuti ziume mwaulesi. M'dzinja vuto limatembenuka: siziuma, zimachita chuku ndi mawanga obiriwira, makamaka mango. Pamenepo thandala likhale pamalo opita mphepo, ndipo musaphimbe ndi pulasitiki.

Mudziwa bwanji kuti zauma? Osadalira kugogoda ndi chala. Tengani ziboliboli khumi, zilembeni manambala ndi pensulo kumunsi, muziziyeza pa sikelo ya kukhitchini Loweruka lililonse n'kulemba m'buku. Kulemera kukasiya kutsika sabata zitatu zotsatizana, zafika pomwe mpweya wa kwanu ungaziumitsire. Pa kukula kumeneku zimatenga sabata 6 mpaka 10, malaina kupitirirapo. Mukafuna nambala yeniyeni, dulani kachidutswa, kayezeni, kaumitseni mu uvuni wosatentha kwambiri mpaka kasiye kupepuka, mukayezenso. Ngati kanali magalamu 112 n'kufika pa 100, ndiye kuti madzi anali 12 pa 100 alionse. Chofuna inu ndi 12 kapena kucheperapo. Nyumba za ku Ulaya zimatenthetsedwa m'nyengo yozizira, ndipo mtengo umatsika mpaka cha m'ma 8. Chiboliboli chochoka kuno ndi madzi 18 kapena 20 chidzafika bwinobwino, n'kudzang'ambika pa shelefu ya wogula mwezi wa Januwale, ndipo oda yachiwiri simudzaionanso. Kuti mutsitse pang'ono kumapeto, kabokosi ka matabwa kopakidwa penti wakuda mkati, kofoleredwa ndi pulasitiki woonekera ndi kusiyidwa timabowo pamwamba ndi pansi, kamagwira ntchito. Koma muikemo zimene zauma kale pamthunzi, osati zaziwisi.

Za kufumbwa. Kaufa kamene mumakapeza pansi pa chiboliboli kamatuluka ndi mphutsi za tizilombo timene timaikira mazira mu mnofu woyera wa kunja kwa mtima, momwe muli chakudya chawo. Mazirawo angalowe chipika chikadali ndi khungwa, ndipo mphutsi ingakhale mkati miyezi yambiri musanaone bowo. Choyamba ndi kusenda khungwa sabata yomweyo ndi kuchotsa mnofu woyerawo momwe mungathere, makamaka pa nimu ndi keshya pomwe mtima umaonekera bwino. Pa mango ndi malaina mtima ndi mnofu sizisiyana kwenikweni, ndiye pafunika mankhwala. Sungunulani magalamu 600 a borax ndi magalamu 400 a boric acid m'malita 10 a madzi ofunda, muviikemo zogobazo masiku atatu mpaka asanu ndi awiri zikadali zaziwisi, mwala pamwamba kuti zisayandame. Mankhwalawa amayenda ndi madzi a mumtengo, choncho pa mtengo wouma amangokhala pamwamba. Valani magolovesi, madzi otsala asungeni m'diramu lotseka kuti mudzagwiritsenso ntchito, ndipo asatayidwe kunyanja kapena pafupi ndi mjigo. Zipande, mbale ndi zidole za ana zisalowe m'madzi amenewa. Njira ina ndi kutentha: pakati pa mtengo pakafika madigiri 56 kwa mphindi 30, tizilombo ndi mazira zimafa, ndipo ndiwo muyezo umene maiko amatsata pa matabwa opakiramo katundu. Mankhwala opopera thonje kapena osungira chimanga, dizilo ndi oyilo wakutha musagwiritse ntchito. Amadwalitsa wokwecha, fungo lake silitha, ndipo katundu angathe kubwezedwa.

Pomaliza ntchito, kwechani ndi sandipepa motsatana, 80, 120, 180, 240, osadumpha, chifukwa mikwingwirima ya 80 imabisala mpaka mutapaka mafuta. Polishi wakuda wa nsapato ndikanakonda mutamusiya. Amadetsa manja ndi nsalu za wogula, ndipo amabisa maonekedwe a mtengo amene wogula wamtundu uwu akuwafuna. Sungunulani gawo limodzi la phula la njuchi m'magawo anayi a mafuta a linseed, chitini chili m'madzi otentha osati pamoto mwachindunji, pakani pang'ono, dikirani theka la ola, pukutani. Alimi a njuchi a m'mphepete mwa Thuma ndi ku Nkhotakota phula ali nalo, ndipo ambiri amangolitaya. Nsanza zonyowa ndi linseed muziyanike chotambasula, zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Mafuta ophikira amasasa ndi kununkha. Ngati mukufuna mtundu wakuda, viikani waya wotsukira mapoto mu viniga masiku asanu chitini chosatseka kwambiri, sefani, pakani tiyi wowira kwambiri pa chiboliboli, chikauma pakani madzi a viniga aja. Chimada mkati mwa ulusi ndipo sichisuluka m'manja. Koma pa kapepala mulembe kuti ndi nimu wodetsedwa. Kugulitsa mtengo wodetsedwa ngati phingo ndi kumene kwapangitsa alendo ambiri kukanda pansi pa chiboliboli ndi chikhadabo asanagule.

Tiyeni tiwerenge mitengo. Mita imodzi ya thunthu lonenepa masentimita 30 ikupatsani zidutswa zinayi, chilichonse tizipika tinayi, pamodzi 16. Pa ziboliboli 200 konzani 240, poti zina zidzang'ambikabe ndipo zina zidzakhala ndi mfundo. Amenewo ndi mamita 15 a thunthu, kapena kuti mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi ya thunthu la mamita atatu. Nthambi zikuluzikulu zipita ku tinsomba, ndolo ndi zokolowekera makiyi, utuchi upita ku manyowa. Mitengo isanu ndi umodzi pa chaka gulu la anthu 14 lingathe kuibwezera. Bzalani mbande 30 chaka chilichonse, podziwa kuti zina zidzafa ndipo zina zidzapindika. Njere za nimu zimafa msanga, zifeseni m'machubu pasanathe sabata ziwiri kapena zitatu chitoleni, ndipo mbande zipite kumunda mvula ikakhazikika, mkati mwa nyengo yodzala mitengo ya 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Talikitsani mamita atatu, tchingirani mbuzi, lambulani moto usanayambe, ndipo zaka zitatu zoyamba sadzani nthambi zam'munsi kuti thunthu likwere lowongoka. Nimu wosasadzidwa amagawika pafupi ndi pansi, n'kukhala wa mthunzi basi. Mlombwa ndi phingo bzalaninso ngakhale simudzasema ndinu. Mlombwa umaphuka ukazika nthambi yonenepa ngati mkono mvula isanagwe. Kumbukiraninso kuti nimu amafalikira yekha kudzera mwa mbalame, choncho asabzalidwe m'malire a nkhalango yachilengedwe.

Kugula mtengo m'mudzi kuli ndi mwambo wake. Kuno malo ambiri amayendera kuchikazi, kwa Achewa ngakhale kwa Ayao, ndiye bambo amene akukugulitsani mango angakhale mkamwini pamalopo. Mayi wa pakhomopo avomere, ndipo ngati ndi mtengo wa makolo, mwini mbumba adziwe. Mango amene akubereka musagule ngakhale akukakamizeni, poti m'miyezi ya Novembala ndi Disembala ndiwo amagwira ana m'mimba. Funani okalamba, ogwa ndi mphepo, kapena oopseza denga. Mitengo ya kumanda ndi ya m'mphepete mwa mitsinje ngati Linthipe ndi Bua isiyeni. Pa mtengo uliwonse lembani kapepala: tsiku, mudzi, mtundu wa mtengo, kunenepa kwake, ndalama, saini ya mwini ndi chidindo cha amfumu. Jambulani chithunzi pa foni usanagwe ndi chitsa chake utagwa. Pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma la Salima musanadule, akuuzeni chilolezo chodulira ndi chonyamulira chimene chikufunika, ndipo komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzimo idziwe. Mtengo uliwonse muupatse nambala, nambalayo iyende pa tizipika mpaka kumunsi kwa chiboliboli. Umboni umene mzungu wanu akufuna ndi womwewo. Satifiketi ya FSC, yotsimikizira kuti mitengo yachokera m'nkhalango yosamalidwa bwino, imene midzi ya ku Kilwa ku Tanzania inapeza pa nkhalango zake za mpingo mu 2009, ndi yodula ndipo gulu laling'ono silingayambire pamenepo. Buku losungidwa bwino likukwanirani pakali pano.

Za malipiro, apa ndipo magulu ambiri amapasukira. Wosema amatchuka, koma kukwecha ndi kupaka kumadya nthawi yofanana kapena kuposa, ndipo kawirikawiri amachita ndi amayi ndi anyamata amene amapatsidwa ya sopo. Tengani ziboliboli khumi, muwerenge maola a ntchito iliyonse: kuwaza, kugoba, kumaliza, kukwecha, kupaka, kulongedza. Ola lililonse lisatsike pa malipiro ochepetsetsa amene boma lalengeza chaka chimenecho, ndipo la mmisiri likwerepo. Onjezani mtengo wa chipika, sandipepa, phula, mankhwala, mayendedwe, makatoni, zilolezo, zowonongeka, ndi kagawo kopita ku nazale. Mtengo wogulitsira uchokere pamenepo, osati pa zimene mnzanu wa pamsewu akutchula. Zonse zilembedwe pomwe membala aliyense angaone, ndipo ndalama zilowe ku akaunti ya gulu yosainira anthu atatu. Mukalembetsa ngati kopaletivu ku unduna wa zamalonda, wogula wakunja amamasuka kutumiza ndalama.

Ana asagwire ntchito imeneyi m'malo mwa sukulu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito yoopsa ndi yoletsedwa mpaka zaka 18. Mwana kuphunzira kugwira mpeni pafupi ndi amalume ake Loweruka ndi momwe luso limapitira, palibe cholakwa. Koma kukwecha tsiku lonse m'fumbi, kugwira mankhwala kapena makina, ayi. Fumbilo ngakhale kwa akulu ndi loopsa: la phingo ndi keshya limayabwa khungu ndi maso, ndipo pakapita zaka limabanika pachifuwa. Kwechani panja, mphepo ili kumsana, mutavala chotchinga mphuno cha fumbi osati kansalu wamba.

Pa zosema za Gule Wamkulu, funsani akuluakulu a kudambwe zimene zingaonetsedwe, ndipo wogula mumuuze tanthauzo lenileni. Amene akufuna kukulitsa luso apite akaone ku Mua, pa KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ndi pafupi, ndipo mukaona kuti chimene chimagulitsa chosema ndi nkhope, kaimidwe ndi nkhani yake. Asodzi akukoka chilimira, mayi wa dengu la usipa pamutu, anyamata akusewera bawo, zimenezi za kwanu pa nimu zimaoneka bwino kuposa njovu zofanana makumi asanu.

Poyankha wogulayo, mutumizireni zitsanzo zitatu, cha nimu, cha keshya ndi cha mango, chilichonse ndi nambala ya mtengo wake, asankhe yekha. Muuzeni poyera kuti kuchokera tsiku lodula mufunika miyezi inayi kapena isanu, ndipo musalole kufupikitsa, poti nthawi yodulidwayo idzachoka pa kuumitsa. Pemphani theka la ndalama poyamba kuti musakongole kwa akatapila. Gwirizanani molemba za kukula, ming'alu yaing'ono yovomerezeka, ndi amene alipire mayendedwe. Kulongedza kukhale mu pepala ndi katoni youma, osati mu pulasitiki wotseka amene amasunga chinyontho, komanso osati mu udzu kapena masamba a nthochi amene amakanidwa pa malire. Sabata zingapo katundu asananyamuke, tengani buku lanu ndi zitsanzo ku ofesi ya zankhalango kukafunsa chilolezo chotulutsira kunja, ndi kwa a zaulimi oona za thanzi la zomera kuti ayendere katunduyo ndi kupereka satifiketi yake.